Kunena za mawa m'Chipwitikizi: timawu tochepa topulumutsa ndalama ndi ulendo

Anthu ambiri a m'boma la Milange amatha kupereka moni m'Chipwitikizi, kuwerengera ndalama ndi kunenerera mtengo pamsika popanda wowamasulira. Koma nkhani ikafika pa zinthu za m'tsogolo, monga tsiku lobwerera kuchipatala, tsiku lodzalandira ndalama za nandolo kapena tsiku la mlandu, pamenepo mpamene pamavuta.

Munthu amavomera mwaulemu kuti "sim, senhor", n'kukwera njinga kubwerera kumudzi asanamvetse ngati wauzidwa kuti ndalama zidaperekedwa kale kapena zidzaperekedwa, ngati abwerenso Lachinayi kapena Lachisanu. Kufunsa kachiwiri amachita manyazi, poopa kuoneka wosaphunzira pamaso pa anzake a pamzere.

Zotsatira zake zimapweteka. Ulendo wochokera ku Majaua kapena ku Mongue kufika pa boma si wapafupi, ndipo woubwereza kaamba kosokoneza tsiku amataya ntchito ya kumunda pamodzi ndi ndalama ya kamba. Wodwala amene waphonya tsiku lolandira mankhwala amaika moyo wake pachiswe.

Komabe nkhaniyi si yovuta monga ambiri amaganizira. Njira zimene Chipwitikizi chimanenera za m'tsogolo n'zofanana kwambiri ndi zimene woyankhula Chichewa amatsata tsiku ndi tsiku, kungoti ambiri sadziwa kuti chimene akuchifuna kutali chili pakhomo pawo pomwe.

Gwero la vutoli

Chipwitikizi ndicho chiyankhulo cha boma la Mozambique, ndipo chidakhalabe chotero dzikoli litalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Makalata a kukhoti, makhadi a kuchipatala ndi zidziwitso zokhomedwa pa maofesi zimalembedwa m'chiyankhulochi, ngakhale kuti malinga ndi kalembera wa 2017, anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse ndiwo adachiyamwira.

Ku Milange nkhondo idaonjezera vutoli. Tawuniyi idagwa m'manja mwa Renamo m'chaka cha 1986 ndipo asilikali a boma adailandanso mu 1988. M'zaka zimenezo anthu miyandamiyanda adaoloka mitsinje ya Muloza ndi Ruo kuthawira ku Malawi, dziko limene pa nthawi ina lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni.

Ana ena adaphunzirako Chipwitikizi m'sukulu za m'misasa. Koma ambiri amene adakhala m'midzi ya abale awo ku Mulanje ndi ku Phalombe adalowa sukulu zophunzitsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo ena sadapondeko m'kalasi n'komwe.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerera m'dziko muno kuchokera ku maiko oyandikana nalo. Ana a nthawi imeneyo lero ndiwo makolo, alimi, a bizinesi ndi atsogoleri a m'midzi. Chipwitikizi chawo adachitola pamsika ndi pachipata cha malire, osati m'buku.

Chipwitikizi cha pamsika chimakwana pogula sopo ndi mchere. Koma pochita pangano chimaperewera, pakuti pangano lililonse limakamba za mawa.

Chichewa chili ndi njira zitatu

Amene adaphunzira galamala ya Chichewa akukumbukira kuti mneni ali ndi nthawi zitatu: yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo. Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti nthawi yam'tsogoloyo imanenedwa m'njira zingapo, ndipo ngakhale mwana wa zaka zisanu sazisokoneza.

Njira yoyamba ndi ya zinthu zapafupi. Mayi akati "ndiphika nsima" kapena "ndipita mawa", sanaphatikize kanthu kena pa mneni, koma aliyense akumva kuti chinthucho chichitika posachedwa.

Njira yachiwiri ndi ya "-dza-", monga "ndidzakhoma malata chaka cha mawa". Kamawu kameneka kadachokera ku mneni "kudza", amene amamveka akuluakulu akamati "idzani kuno". Wonena "ndidzalima" akukamba za nthawi imene ikudza.

Njira yachitatu ndi ya "-ka-", monga "ndikagula feteleza ku Limbuli". Apa munthu akunena kuti anyamuka kupita kwina, ndipo akafika kumeneko mpamene akachite chinthucho.

Choncho Chichewa chimanena za m'tsogolo mwa kungotchula nthawi, mwa kudza, ndiponso mwa kupita. Wosunga mfundo imeneyi m'mutu wadula kale theka la ulendo wophunzira Chipwitikizi cha mawa.

Timawu tisanu toyambira

Njira yosavuta kuposa zonse, imenenso imamveka kwambiri pakamwa pa anthu kuyambira ku Milange mpaka ku Quelimane, ndi yogwiritsa ntchito mneni "ir", kutanthauza kupita. Imafanana ndi "-ka-" wa Chichewa, kungoti m'Chipwitikizi imagwira ntchito ngakhale munthu sakusuntha pamene wakhala.

Timawu toloweza ndi tisanu basi. Ine ndi "vou", iwe ndi "vais", iye ndi "vai", ife ndi "vamos", ndipo iwo kapena inu ambiri ndi "vão". Pambuyo pake pamabwera mneni wosasinthidwa, wothera ndi -ar, -er kapena -ir, monga "comprar", kugula, "vender", kugulitsa, ndi "sair", kutuluka.

Motero "vou vender milho" ndiye kuti ndigulitsa chimanga. "Vamos semear em Dezembro" ndiye kuti tidzadzala mu Disembala. "Vai chover" ndiye kuti mvula igwa. Pokana, munthu amangotsogoza "não": "não vou vender", sindigulitsa.

Ophunzira ambiri amapunthwa pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusintha aneni onse awiri, n'kumati "vamos compramos" m'malo mwa "vamos comprar". Wosintha ndi woyamba yekha. Chachiwiri ndi kunena "vou ir", komwe aphunzitsi amakuchonga kuti n'kolakwika. Wopita ku Mocuba amangoti "vou a Mocuba".

Palinso nkhani ya ulemu. "Tu vais" ali ngati "udza-" wa Chichewa, woyenera mwana kapena mnzako wa pachinyamata. Kwa mfumu, kwa adokotala kapena kwa apongozi, munthu amati "o senhor vai" kapena "a senhora vai", monga momwe m'Chichewa amanenera kuti "mudzabwera, bambo". Kufunsa mkulu wa pa ofesi kuti "vais assinar?" kuli ngati kufunsa agogo kuti "usaina?"

Mawa m'mawa

Njira yachiwiri ndi yofanana ndendende ndi "ndipita mawa". Mneni amakhala wa nthawi yatsopano, ndipo liwu la nthawi ndilo limasenza katundu yense. "Amanhã pago" ndiye kuti mawa ndilipira. "O carro sai às cinco" ndiye kuti galimoto inyamuka 5 koloko.

Chifukwa cha ichi, mawu a nthawi ngofunika kuwadziwa ngati maina a ana ako. "Hoje" ndi lero, "logo" ndi nthawi ina lero lomwe, "amanhã" ndi mawa, ndipo "depois de amanhã" ndi mkuja. "Para a semana" ndi sabata la mawa, "no próximo mês" ndi mwezi wa mawa, pamene "para o ano" ndi chaka cha mawa.

Apa ziyankhulo ziwirizi zimachita ngati zidapangana. M'Chichewa muli "mawa" ndi "m'mawa", m'Chipwitikizi muli "amanhã" ndi "manhã". Wonena "amanhã de manhã" wanena "mawa m'mawa", liwu ndi liwu.

Kamawu kofunika kukatchera khutu ndi "já". Wogula nyemba akati "já pago", akunena kuti alipira pompano, ndalama zikadali m'thumba mwake. Akati "já paguei", akunena kuti adalipira kale, ndipo mlimi akavomera kuti "sim" wavomera kuti ndalama adalandira. Kusiyana kwake ndi kwa phatikizo limodzi lokha la kumapeto, koma mtengo wake ungakhale thumba lathunthu.

Tsogolo la m'makalata

Njira yachitatu ndiyo imaopsa ana a sukulu, ndipo ndiyo imapezeka m'makalata a boma, m'nkhani za pa wailesi ndi m'zidziwitso. Apa mneni amalandira mchira: "pagarei", ndidzalipira, "pagarás", udzalipira, "pagará", adzalipira, "pagaremos", tidzalipira, "pagarão", iwo adzalipira.

Michira imeneyi ndi yofanana kwa aneni onse, ndipo imaphatikizidwa pa mneni wathunthu: "vender" amakhala "venderei", "partir" amakhala "partirei". Aneni atatu okha ndiwo amafupika. "Fazer", kuchita, amakhala "farei". "Dizer", kunena, amakhala "direi". "Trazer", kubweretsa, amakhala "trarei".

Munthu wa kumudzi sakakamizidwa kuyankhula chotere, pakuti "vou pagar" akwanira. Koma ayenera kuzindikira mawuwa akawamva kapena akawaona papepala, chifukwa ndi m'menemo boma limayankhulira. "A reunião terá lugar no dia 12" ndiye kuti msonkhano udzachitika pa 12. "As matrículas começarão" ndiye kuti kulembetsa ana sukulu kudzayamba.

Msampha waukulu uli pa "-ram" ndi "-rão". "Pagaram" ndiye kuti adalipira, pamene "pagarão" ndiye kuti adzalipira. "Chegaram as sementes" ndiye kuti mbewu zafika, pamene "chegarão as sementes" ndiye kuti zidzafika. Papepala, tsogolo limadziwika ndi kachizindikiro kokhotakhota pamwamba pa chilembo a. Pakamwa, limadziwika ndi pamene mawu akutsindikidwa: zakale zimatsindikidwa pakati, paGAram, zam'tsogolo kumapeto, pagaRÃO.

Woyankhula Chichewa sayenera kudabwa nazo. Chiganizo chakuti "alendo apita" chikalembedwa chingatanthauze kuti anyamuka kale kapena kuti anyamuka posachedwa, ndipo chosiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu pa "a-" woyambayo. Khutu limene limamva kusiyana kumeneku lingathenso kumva "pagaram" ndi "pagarão", likangouzidwa pomvetsera.

Hei-de: lonjezo lopanda tsiku

Pali njira yachinayi imene anthu a ku Mozambique amaikonda kwambiri: "hei-de vir", ndidzabwera, "há-de chegar", adzafika, "havemos de ver", tidzaona. Ena amalemba "hei de" popanda kamzere, koma tanthauzo ndi lomwelo.

Akatswiri a ziyankhulo adapeza kuti njira iyi ndi ya m'makalata ija ndi ana a mimba imodzi. M'Chilatini, chiyankhulo chimene chidabala Chipwitikizi, anthu ankatchula mneni kenako liwu lotanthauza "ndili nacho choti ndichite". Mawu awiriwo adamatana m'kupita kwa zaka, ndipo "pagar hei" adasanduka "pagarei". N'chifukwa chake michira ija imamveka ngati "hei", "hás", "há" ndi "hão". Wodziwa "hei-de pagar" wadziwa kale "pagarei": angotembenuza, cha kutsogolo chipite kumbuyo.

Ku Portugal "hei-de" amanena za chinthu chimene munthu watsimikiza mumtima koma tsiku lake silikudziwika. M'dziko muno ambiri amamugwiritsa ntchito ngati tsogolo wamba. Ngakhale zili choncho, wongongoza mnzake ayenera kuchenjera, pakuti "hei-de pagar" wopanda tsiku ali ngati "ndidzakupatsani" wa Chichewa. Si bodza ayi, koma si mawu oti munthu n'kutengerapo ngongole ya feteleza.

Mankhwala ake ndi funso limodzi lalifupi: "Quando?" kutanthauza "Liti?"

Mulungu akalola

Malonjezo ambiri amabwera ndi chingwe. M'Chichewa chingwecho ndi "-ka-" wina uja wa mu "ndikagulitsa fodya ndidzakubwezerani". M'Chipwitikizi ndi "se", ngati, ndi "quando", pamene, ndipo mneni wotsatira amavala chovala chakechake chonena za m'tsogolo.

Mwamwayi, kwa aneni ambiri chovalacho chimaoneka ngati mneni wosasinthidwa uja. "Quando vender o feijão, pago" ndiye kuti ndikagulitsa nyemba ndilipira. "Se chover, vamos semear" ndiye kuti mvula ikagwa tidzala.

Aneni ochepa ndiwo amasintha, ndipo mmodzi wa iwo aliyense amamudziwa kale. "Se Deus quiser", mawu amene anthu amanena potsazikana, kwenikweni akuti Mulungu akafuna, monga m'Chichewa amati Mulungu akalola. Abale ake a "quiser" ndi awa: "se tiver", ndikakhala nacho, "se puder", ndikatha, "se houver", chikakhalapo, "quando vier", akabwera, ndi "quando for", ndikapita.

Mawu amenewa ndiwo khomo lothawira la wolonjeza. "Vamos reparar a ponte se houver dinheiro" sikuti mlatho ukonzedwa, koma kuti udzakonzedwa ndalama zikapezeka. Womasulira pamsonkhano akameza "se houver" n'kungonena kuti "mlatho aukonza", mudzi umabalalika ndi chimwemwe chopanda maziko, ndipo chaka chikatha anthu amayamba kulozana zala.

Angathe, ayenera, adzachita

Pamene kusiyana kwa timawuti kumalemera koposa ndi pa nkhani za malo. Lamulo la malo la 1997 lidanena kuti munthu kapena kampani yofuna chilolezo chogwiritsa ntchito malo, chimene chimatchedwa DUAT, iyambe yakumana ndi anthu a m'deralo. Zokambirana zimalembedwa m'Chipwitikizi m'kalata yotchedwa "acta", ndipo oimira mudzi amasaina kapena kudinda chala.

M'kalata yotere mawu atatu amaoneka ngati ofanana, pakuti onse amathera ndi "-rá". "A empresa construirá uma escola" ndiye kuti kampani idzamanga sukulu. "Deverá construir" ndiye kuti iyenera kudzamanga. Koma "poderá construir" ndiye kuti ingathe kudzamanga, ikafuna. Mawu awiri oyambawo ndi ngongole, achitatuwo ndi mphepo chabe.

Ngakhale "construirá" amene, akapanda chaka ndi mwezi, amasiya mudzi ukudikira madzi a mphutsi. Mafumu ndi makomiti amachita bwino akamapempha kuti kalatayo iwerengedwe mokweza, imasuliridwe chiganizo ndi chiganizo, ndipo pa lonjezo lililonse palembedwe "até", kutanthauza pofika, kenako tsiku lake. Akale adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kusonyeza kuti mawu onenedwa pamaso pa mboni amamanga mwini wake. Koma amamanga pokhapokha akamveka.

Lachinayi kapena Lachisanu?

Munthu angamve bwino mneni koma n'kugwa pa dzina la tsiku. Ziyankhulo zonse ziwiri zimatchula masiku powerenga, koma siziyambira pamodzi.

Chichewa chimayamba kuwerenga pa Lolemba, ndipo tsiku lotsatira limakhala Lachiwiri. Chipwitikizi chimatsata kawerengedwe ka mpingo wakale, kamene kamayesa Lamulungu tsiku loyamba. Motero Lolemba ndi "segunda-feira", ndipo "segunda" ndiye kuti chachiwiri. Lachiwiri ndi "terça-feira", Lachitatu ndi "quarta-feira", Lachinayi ndi "quinta-feira", Lachisanu ndi "sexta-feira".

Mayi amene wauzidwa kusikelo kuti "volte na quinta-feira", akakumbukira kuti "quinta" ndi chachisanu, amabereka mwana Lachisanu n'kukapeza kuti katemera adali dzulo. Lamulo lake n'losavuta: pa nambala ya Chipwitikizi chotsapo imodzi, yotsalayo ndiyo ya Chichewa.

"Sábado" nayenso amasokoneza, pakuti amamveka ngati Lasabata, dzina limene ambiri amatchulira Lamulungu. "Sábado" ndi Loweruka, ndipo Lamulungu ndi "domingo".

Palinso kawerengedwe ka masabata. "De hoje a oito dias" kwenikweni akuti masiku 8, koma tanthauzo lake ndi sabata limodzi: tsiku ngati lalero sabata la mawa. "Quinze dias", masiku 15, ndi masabata awiri. Zili choncho chifukwa lero nalo limawerengedwa.

Pa maola, maofesi a m'dziko muno amawerenga mpaka 24, pamene anthu ozolowera za ku Malawi amalekeza pa 12. "Às catorze horas", ola la 14, ndi 2 koloko masana, osati 4 koloko. Nambala ikaposa 12, munthu achotsepo 12.

Ngakhale Adatchi amatero

Wina angaganize kuti kufanana kwa Chichewa ndi Chipwitikizi kudangochitika mwangozi. Koma ziyankhulo zambiri za pa dziko lapansi zimanena za m'tsogolo pobwereka aneni omwewo: kupita, kudza, kufuna ndi kukhala ndi mangawa.

Chitsanzo chabwino ndi Chidatchi, chiyankhulo cha anthu oposa 20 miliyoni a ku Netherlands, kumpoto kwa Belgium ndi ku Suriname. Chiyankhulochi si chachilendo kwenikweni kuno. Adatchi adakhazikika ku Cape m'chaka cha 1652, ndipo Chidatchi chawo ndicho chidabala Chiafrikaans, chimene akuluakulu amati Chibunu, chomwe anyamata opita ku Joni amachimva m'mafamu. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape komweko adatsegula mishoni ya Mvera ku Malawi mu 1889, ndipo mpingo wa Igreja Reformada, umene uli ndi sinodi yotchedwa dzina la phiri la Tumbine, ndi mphukira ya mtengo womwewo.

Wophunzira Chidatchi amauzidwa za njira zitatu. Yoyamba ndi yongotchula nthawi: "Morgen breng ik het geld", mawa ndibweretsa ndalama. Adatchi amaikonda kwambiri njira imeneyi, ndipo liwu lawo lakuti "morgen" limatanthauza mawa komanso m'mawa.

Yachiwiri ndi ya "gaan", kupita: "Ik ga maïs kopen", ndikagula chimanga, ndi "het gaat regenen", mvula igwa, monga "vai chover" wa Chipwitikizi. Chosiyana n'chakuti mneni wachiwiri amakankhidwira kumapeto kwa chiganizo.

Yachitatu ndi ya "zullen", amene kwa munthu mmodzi amakhala "zal". "Ik zal betalen" ndiye kuti ndidzalipira, ndipo mawuwa amalemera ngati lonjezo. Kalekale liwuli linkanena za mangawa, ndipo ndi mbale wake wa "schuld", kutanthauza ngongole. M'Chiafrikaans lidasanduka "sal", m'Chingerezi mbale wake ndi "shall".

Adatchi nawo ali ndi msampha wawo wokola odziwa Chingerezi. "Ik wil betalen" amamveka ngati "I will pay", koma tanthauzo lake ndi ndikufuna kulipira. "Will" wa Chingerezi amene poyamba ankatanthauza kufuna, asanasanduke chizindikiro cha m'tsogolo. Chiswahili chidayenda njira yomweyo: "-ta-" wa mu "nitalipa", ndidzalipira, adachokera ku "kutaka", kufuna.

Choncho mwana wa ku Milange amene akuphunzira "going to" m'kalasi ya Chingerezi, "vou" m'kalasi ya Chipwitikizi, ndipo kunyumba amati "ndikagula", sakusenza mitolo itatu ayi. Ndi mtolo umodzi womangidwa ndi luzi losiyana.

Chichewa ndi makwerero

Akuluakulu a maphunzimo adaiona mfundo imeneyi kale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri pansi pa ntchito yotchedwa PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja m'chigawo cha Tete ndi Chishangana m'chigawo cha Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro otere adayamba kufalikira ku zigawo zina. Maziko ake ndi akuti mwana amene wamvetsa m'mene chiyankhulo cha mayi ake chimayendera, amagwira msanga chiyankhulo chachiwiri.

Zimene zimathandiza mwana zingathandizenso kholo. Makalasi a sukulu ya kwacha, magulu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi mabungwe a amayi a m'mipingo angathe kupatula mphindi zochepa pamsonkhano uliwonse. Wina anene chiganizo cha Chichewa, monga "ndikagulitsa nandolo Lachitatu", mnzake ayankhe kuti "vou vender feijão bóer na quarta-feira". Mwana wa sukulu wa pakhomo angakhale mphunzitsi wa agogo ake madzulo pamoto.

Koma ngakhale amene sadaloweze kanthu ali ndi podzitetezera. Asanachoke pa zenera la ofesi, pachipatala kapena pa sikelo ya wogula mbewu, afunse kuti "Em que dia?", tsiku liti, ndi "A que horas?", nthawi yanji. Akakayika ngati chinthu chidachitika kapena chidzachitika, afunse kuti "Já, ou ainda não?", kale kapena ayi.

Potsiriza apemphe kuti "Pode escrever, por favor?", tandilemberani chonde. Tsiku lolembedwa m'manambala pa khadi kapena m'kope silisintha, kaya woliwerenga ndi wa Chichewa, wa Chilomwe kapena wa Chimarenje, ndipo pa mlandu limakhala mboni yosaiwala.

Palibe wogwira ntchito wanzeru amene angakwiye ndi mafunso otere, pakuti nayenso safuna kubwereza ntchito. Manyazi a pamzere ndi a kanthawi, koma ulendo wobwereza ndi wa tsiku lathunthu. Safunsa adadya phula.